Nsalu Yofiira ya pa Pista

"Tsitsani nsanza yanuyo, alamu! Mwatimangira mvula! Ana athu adzadya ndegeyo?"

Anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, ataima pakati penipeni pa pista, bwalo lathu la ndege, khasu lili paphewa, ngati waima m'munda wa amayi ake. Ine ndinali chakumapeto, ndikugumula kachulu kamene chiswe chinayamba kuwumba. Ndinaponya fosholo pansi.

"Yambani mwachoka pamenepo. Mwaponda potera ndege."

"Ndege yake iti? Mukuiona inu? Ine chimene ndikuona ndi chimanga chikupota masamba ngati anyezi."

"Ndiye pitani mukachithirire. Mvula ndimaisunga m'nkhokwe ine?"

"Kumene mumaisunga mukukudziwa. M'mawa uliwonse mumayang'ana kumwamba, kenako n'kumanong'ona m'telefoni. Mumauza yani? Mumawauza zotani?"

"Ndimawauza kuti kuno kuli mbuzi ya miyendo iwiri yokonda kuima pa pista."

Anatsitsa khasu lija paphewa. Anthu amene ankapita kuchigayo anatsika panjinga zawo n'kuima, matumba ali pakaliyala, kudikira kuti aone ngati zifike pogwirana malaya. Ine ndinali wokonzeka. Koma mlamu wanga ndi munthu womenya ndi pakamwa.

"Musamaiwale kuti ndinu mkamwini," anatero. "Munabwera kuno ndi kachikwama basi. Dothi mukulilondalo ndi la makolo athu."

"Makolo anuwo analisiya likumera tsekera. Wolisamala ndine."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, n'kuyang'ana pamlongoti. "Itsika yokha," anatero, ndipo anapita. Mawu amenewo ndinawasunga.

Nsanza ankanenayo ndi thumba la mphepo. Ndi nsalu yosokedwa ngati mwendo wa buluku, yotseguka uku ndi uku, yomangidwa pamwamba pa mlongoti wachitsulo m'mbali mwa pista. Pilotu akamazungulira asanatere amaiyang'ana kuti adziwe kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake. Ikalendewera, kulibe mphepo. Ikadzuka n'kuloza, achenjere. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Yakale ija inali itasuluka ndi dzuwa mpaka kuyera, ndipo panalibe woitchula. Yatsopanoyi inafika anthu atangodzala, yofiira psu ngati magazi a nkhuku. Ndinaikweza, ndipo pasanapite nthawi mvula inadula. Anthu a kuno sachedwa kumanga zinthu ziwiri ndi luzi limodzi.

Pista yathuyi ndi yadothi, chakunja pang'ono kwa Mualadzi. Inalambulidwa m'nthawi ya Apwitikizi, inamera tchire nthawi ya nkhondo, kenako bungwe lina la madotolo oyenda pandege linaitsegulanso. Ankafuna munthu wodziwa Chipwitikizi, wokhala pafupi, wosalawa kachasu m'mawa. Ine kwathu ndi ku Nsadzo, shikola ndinalekezera desima, kalasi yachikhumi, ndipo nthawi imeneyo ndinkangolima munda wa mkazi wanga. Ananditenga. Kuyambira tsiku lomwelo mlamu wanga anayamba kundipatsa moni wa mano okhaokha, chifukwa ntchitoyo ankaifunira mwana wake.

Anthu amaganiza kuti ntchito yanga ndi kupirikitsa mbuzi. Nayonso ilipo. Koma ntchito yeniyeni ndi kukhala maso a mayi wina wokhala mu ofesi ku Tete, amene ndinamuona maso ndi maso pamene ananditumiza kukaphunzira kokha. Timangoti a dona. Iwo ntchito yawo ndi uthenga wa maulendo a ndege. Pilotu asananyamuke amawauza kumene akupita, njira imene adzere, anthu amene wanyamula, ndi kumene mafuta ake angamufikitse. Iwo amamupatsa zonse zoyenera kudziwa: nyengo ya m'njira, pista imene yatsekedwa, malo amene kwaima nsanja yatsopano ya matelefoni. Ndege ikachedwa kufika, oyamba kutekeseka ndi iwo, ndipo ndi iwo amene amadzutsa ofunafuna. Pilotu samulamula. Amangomuyalira zoona patsogolo, iye n'kusankha yekha. Koma zoona za ku Mualadzi a dona sangazione ali pampando ku Tete.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimayenda pista yonse, kupita ndi kubwerera, maso ali pansi: maenje a nyama, mikwasa ya ngolo, udzu kuti wafika pati. Ndikatha ndimayang'ana phiri la kumadzulo. Mutu wake ukabisika, mitambo yatsika. Ndimayang'ananso nsanja ya matelefoni ya ku posto, kumene kuli maofesi a boma. Ikapanda kuoneka, kaya ndi nkhungu kaya ndi utsi wa lupsa, ndiye kuti pilotu nayenso saona patali. Pomaliza thumba la mphepo. Kenako ndimaimba. A dona amabwereza zonse zimene ndanena, liwu ndi liwu, ndipo zimene iwo anena ine ndibwerezenso. Poyamba zinkandipsetsa mtima. Ndinkaona ngati akundiyesa chitsiru.

Masiku oyambirira anandifunsa kuti, "Pista ili bwanji?" Ine ndinati ili bwino.

"Bwino ndi moni, sinyoro," anatero. "Kwanuko munthu ali pamphasa akumwalira amati ali bwinoko pang'ono. Ine ndikufunsa dothi. Ndi louma? Ndi lonyowa? Kuyambira pati mpaka pati?"

Ndinatsala pang'ono kudula telefoniyo. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ndege ikabwerera ku Tete a dona amamufunsa pilotu ngati anapeza zimene ine ndinanena. Sandikhulupirira ndi mtima wonse, nanenso sindiwakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ntchito imayenda bwino choncho.

Sabata imeneyo sinali sabata wamba kwa ine. Mkazi wanga anali ndi ng'ala. Diso lamanzere linali litayera kale, lamanja linkangoona zithunzithunzi. Anali atapsa dzanja pamoto, ndipo kumunda ankasadza chimanga kusiya udzu, mpaka ndinamuletsa kupitako. Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anali atamulonjeza malo pakati pa anthu oti madotolo a maso adzawapale ng'ala. Madotolo amenewo sabwera kawirikawiri. Ankabwera kumapeto kwa sabata yomweyo, pandege, pa pista yangayo, ndipo akachoka kuno ankapitirira kwina. Kuwaphonya kunali kudikira chaka china, ndipo sindinkadziwa ngati diso lamanjalo lidikira nawo. Tsono munthu akundiuza kuti nditsitse nsalu imene pilotu amaterera, munthu wake n'kukhala mchimwene wa wodwalayo.

M'mawa wotsatira, titatha kubwerezana za mitambo ndi mphepo, a dona anawonjeza kanthu.

"A zanyengo akuona mvula yamphamvu ikubwera kuchokera kumpoto chakumapeto kwa sabata. Tsiku lake sakulidziwa bwino. Muziyang'anira kumunsi kwa pista yanuyo."

"Kumwamba kuno kuli mbee ngati mbale yotsuka," ndinatero.

"Ine ndangokupatsani zimene ndapatsidwa. Bwerezani."

Ndinabwereza. Nkhaniyo sindinauze munthu panjira. Ndinangoitchula kunyumba, kwa mkazi wanga, pomwe tinkadya, chifukwa inkandilemera pamtima. Munda wanga nawo unkafuna mvula ngati wa wina aliyense, koma ndinkapempha kuti idikire kaye ndege itere.

Masana ake kunabwera mkulu amene amasamala kachisi wa mvula kudambo. Ndi m'bale wa apongozi anga, munthu wolankhula motsitsa, amenenso amakonza njinga pamsika. Kwa nthawi yonse ya ng'ambayo anthu ankawadandaulira kuti akapereke nsembe, iwo n'kumati dikirani, nthawi sinakwane. Anakhala pampando, analandira madzi, anafunsa za maso a mkazi wanga, anayamikira nkhuku zathu. Ine ndinkangodikira kuti afike pamene abwerera.

"Akamwini," anatero pomaliza, "mkuja tikupita kukachisi. Mukudziwa kuti tsiku limenelo chofiira sichioneka. Azimayi amavula ngakhale mikanda yofiira. Nsalu ya kumeneko ndi yakuda. Tsono yanu ija ili pamwamba, aliyense wa kudambo akadzutsa mutu akuiona. Tikupempha muitsitse tsiku limenelo lokha."

"Mkuja? Nthawi yonseyi munali kuti?"

"Nthawi inali isanakwane."

"Yakwana lero? Wakuuzani ndani kuti yakwana?"

Anangomwetulira n'kuyang'ana m'kapu mwawo. Ine ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atakhala pakhonde akutongola chimanga chakale, nkhope ili phee.

Wina akhoza kunena kuti ndikanangovomera. Wonenayo sadziwa ntchito, komanso sadziwa anthu a kuno. Chilichonse chosintha pa pista ndimayenera kuuza a dona, iwo n'kutumiza chidziwitso kwa mapilotu onse. Pilotu amene ankabweretsa madotolowo anali watsopano, asanaterepo kwathu, ndipo pista yathu imawombedwa ndi mphepo ya m'mbali. Akamva kuti ku Mualadzi thumba la mphepo latsitsidwa chifukwa anthu akukangana nalo, anene chiyani? Ndiponso chinthu ukangochitsitsa tsiku limodzi kuno, mawa amati mizimu yakondwa, chisakwerenso. Chaka chamawa adzati ndege imaopseza mitambo. Chaka chinacho mlamu wanga adzakhala akupanga mizere pa pista.

"Sinditsitsa," ndinatero. "Mizimu yanuyo ngati imathawa mwendo wa buluku, ndiye ingalimbane ndi dzuwa?"

Mkazi wanga analeka kutongola. Mkulu uja anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anathokoza madziwo, anatsanzika bwinobwino ngati ndawapatsa nkhuku. Ulemu wotero ndi umene ndimauopa kuposa khasu.

Tsiku la nsembelo, limene mawa lake kunkabwera ndege, ndinafika pa pista dzuwa likutuluka. Mlongoti unali chilili, wopanda kanthu. Chingwe sanachidule ayi. Anachimasula bwinobwino n'kuchikulunga pachitsulo mwaudongo kuposa mmene ndimachitira ine. Pansi panali posesedwa ndi nthambi.

Ndinapita molunjika kwa mlamu wanga. Ndinamupeza akutsuka mota yake, njinga yamoto, ngati munthu wopanda mlandu padziko.

"Ili kuti?"

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndikuti ili kuti nsalu ya pista?"

"Yasowa? Pepani. Mwina yauluka. Si yamphepo nanga?"

"Munati itsika yokha."

"Ndiye yatsikatu yokha. Ine ndi mimba iyi ndingakwere chitsulo chimene chija?"

Ndinalowa m'nyumba mwake osaodira. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, m'nkhokwe. Mkazi wake anaima pabwalo manja ali m'chiuno. "Yang'ananinso m'mphikamu, alamu, mwina taiphika ndiwo," anatero. Ndinatuluka ndili ndi ulusi wa kangaude kumutu, wopanda chilichonse m'manja.

Tsiku limenelo ndinakayikira aliyense. Ndinakayikira bambo wa ngolo amene ndinamubweza kangapo akufuna kudula njira pa pista. Ndinakayikira mbusa wa kampingo kena koimba ng'oma, amene amakonda nsalu zowala pa mbendera zake. Ndinafunsa azimayi pachitsime, ndipo onse anali ndi yankho limodzi, ngati analiphunzira pamodzi: "Sitinaone kanthu, bambo." Mudzi wonse, anthu odziwa ngakhale tsiku limene nkhuku ya mnzawo yayamba kuikira, lero palibe amene anaona munthu atakwera chitsulo pamtetete. Apa m'pamene ndinadziwa kuti si wakuba mmodzi. Onse ankadziwa, kupatula mkamwini.

Ndinaimba ku Tete mochedwa. A dona anayamba ndi kundikumbutsa kuti ndachedwa.

"Pista youma yonse," ndinatero. "Phiri likuoneka lonse. Nsanja ikuoneka. Mphepo yochepa, yochokera kumpoto. Thumba la mphepo palibe."

"Palibe? Lang'ambika?"

"Lachotsedwa."

"Ndi yani?"

"Ndikanadziwa bwenzi pano ali kuchipatala."

A dona anafunsa kuti, "Pali amene waopseza ndege? Wanena zoika mitengo kapena ng'ombe pa pista?"

"Palibe wanena zimenezo. Vuto lawo ndi mtundu wa nsaluyo. Akuti chofiira chikuthamangitsa mvula."

Ndinkayembekeza kuti aseke, kuti ndipeze powakalipira. Sanaseke. Anabwereza zonse ndi mawu omwe aja ouma, n'kunena kuti atumiza chidziwitso, ndipo mawa ndikakoleze moto wa masamba aawisi m'mbali mwa pista kuti pilotu aone mphepo pa utsi, ngati angavomere kubwera. Mawu akuti ngati aja anandivutitsa tsiku lonse. Ndinayamba kuganiza kuti mwina nawonso a dona akhala akufuna chifukwa chotsekera pista ya kutchireyi kuti ntchito iwachepere.

Chakumasana ndinamva azimayi akubwerera kuchokera kudambo, akuimba nyimbo zawo zotukwana zija, akuthirana madzi. Kunkatentha moti malata ankalira okha. Ndinapita kukadula masamba a moto wa mawa. Ndili m'tchire momwemo mphepo inasintha, inabwera yozizira, yonunkhira dothi. Nditadzutsa mutu, phiri la kumadzulo linali litasowa, ndipo kumpoto kunali bii.

Inagwa mvula imene sindinaionepo chiyambire ntchitoyi. Ana anathamanga maliseche pabwalo, azimayi analulutira m'makonde, wina anayamba kuimba ng'oma. Ine ndinaima m'mbali mwa pista, madzi akundilowa m'khosi, ndikuona mtsinje wofiira ukutsetsereka pakati pake kulowera kumunsi, kumbali ya dambo. Chimanga changa chinkamwa nawo, inde. Koma mudzi wonse munthu wosasangalala ndinali ndekha.

Itayamba kukata, dzuwa litapendeka, mlamu wanga anafika kunyumba ali chonyowa, mano onse ali pamtunda. M'khwapa anali ndi jumbo. Analiika pamphasa patsogolo panga. M'kati munali nsalu ija, yopindidwa bwino, youma.

"Akuluakulu akuti zikomo powabwereka," anatero. "Mukhoza kuikweza tsopano. Mwaonatu, alamu? Kungoitsitsa m'mawa, masana yagwa. Ku shikola kwanu kuja anakuphunzitsani zimenezi?"

"Mvula imeneyi a zanyengo anaiona kale."

"Ee? Nanga bwanji sanaigwetse kale?"

"Mumadziwa kuti ikubwera. Mwadikira dala kuti mupite kukachisi tsiku loyandikira."

"Ife? Tilibe telefoni yolankhula ndi kumwamba ife."

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga. Anali atakhala pafupi ndi chitseko, nsalu ya kapulana atafunda mpaka m'khosi. "Mayi, zimene ndinakuuzani tikudya zija munauza yani?"

"Mukundifunsa ngati wapolisi," anatero.

"Ndikufunsa ngati mwamuna wanu. Munauza yani?"

"Nyerere zakhala zikusamutsa mazira, achule akhala akulira kudambo. Anthu ali ndi maso m'mudzi muno, kupatula ine."

Mpaka lero yankho limenelo silinandikhutiritse. Sanati ee, sanati ayi.

Mlamu wanga ankasekabe. Ndinamusiya amalize, kenako ndinamuuza. "Sekani bwino. Mvula mwaipeza. Pista yasanduka phala. Mawa madotolo a maso alibe potera."

Kuseka kuja kunazima ngati wathira madzi pamakala. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana ine. Munthuyu ndi wamwano, koma ndi iye amene analera mlongo wakeyo yekha bambo awo atamwalira, ndipo zimenezo sindingamulande.

"Si kuti pofika m'mawa pakhala patauma?"

"Kumtunda mwina. Kumunsi ayi."

"Ndiye atere kumtundako."

"Si njinga imeneyo, yoti mungotsitsa phazi yaima."

Anakhala pansi, pamphasa pomwepo, zovala zikudontha. Anatsitsa mawu. "Alamu, tamverani. Ku Tete kuja akukuonani ndani? Mungowauza kuti pali bwino. Ikangotera basi. Zonyamuka adzaziona okha pambuyo pake, dzuwa litawomba. Bola madotolo atsike."

"Dzana ndinali mfiti yomanga mvula. Lero mukufuna ndikhale wabodza?"

"Ndikufuna mlongo wanga aone."

"Gudumu lakutsogolo likatitimira m'matope ikuthamanga, imagudubuka. Madotolo anuwo tidzawatola ndi fosholo."

"Mukudziwa bwanji kuti lititimira? Munaionapo ikutitimira? Inu mumangokonda kukana. Chilichonse ayi, ayi. N'chifukwa chake anthu sakuuzani kanthu m'mudzi muno."

Ndinadzuka kuti ndimutulutse. Mkazi wanga anayankhula asanasunthe pamene anakhala.

"Za pista ine sindizidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti ndatopa kufunsa ana kuti m'mbalemu muli chiyani."

Mlamu wanga anatola chipewa chake n'kupita. Ine ndinakhala pakhonde mpaka kunada, ndikumvera madzi akuyenderera m'ngalande, ndikuwerengera m'mutu ngati kumtunda kokha kungakwanire. Ndinkadziwa kuti sikukwanira. Ndinawerengerabe.

M'mawa kunacha kowala, phiri lili poyera, kumwamba kopanda banga. Nyengo yabwino youlukira kuposa imeneyo kulibe. Pachipatala anthu a ng'ala anali atayamba kale kufika, ena ochokera kutali, atagwira ndodo, owatsogolera ali patsogolo. Pa pista ndinapeza mlamu wanga atandidikira.

"Mwaona? Pauma," anatero, akuponda ndi chidendene kumtunda. Kunali kolimba ndithu. Pamwamba ponse pankaoneka bwino, ngakhale kumunsi komwe, moti munthu woyang'ana ali m'mwamba sakanakayika.

"Kwerani pakaliyala," ndinamuuza.

"Chifukwa?"

"Ndikufuna katundu wolemera. Kuno wolemera kuposa inu kulibe."

Anatukwana koma anakwera. Ndinapalasa njinga ndi mphamvu zanga zonse kuchokera kumtunda, pakati penipeni pamene pamadutsa magudumu a ndege. Tinathamanga bwino mpaka kupitirira mlongoti. Kenako njinga inayamba kulemera, gudumu lakutsogolo linalowa pansi ngati wina waligwira ndi dzanja, ndipo tonse awiri tinauluka. Ine ndinagwa chammbali. Mlamu wanga anagwa chafufumimba, nkhope m'matope.

Anadzuka akulavula. Anayang'ana mkwasa umene gudumu linasiya, madzi akudzazamo pang'onopang'ono kuchokera pansi.

"Koma ndege ndi yopepuka," anatero. "Imayandama m'mwamba."

"Ikatera siyandama."

Ndinapukuta dzanja pabuluku n'kutulutsa telefoni.

"Phiri likuoneka lonse," ndinauza a dona. "Nsanja ikuoneka. Mphepo palibe. Kuyambira kumtunda mpaka pamlongoti dothi ndi lonyowa koma lolimba. Kuyambira pamlongoti mpaka kumunsi pamwamba pakuoneka pouma, pansi ndi pofewa. Njinga ya anthu awiri yatitimira mpaka m'masipoko."

Anabwereza zonse. "Ndiye ndikutumiza chidziwitso kuti pista ya Mualadzi yatsekedwa mpaka mutandiuzanso. Bwerezani."

"Pista ya Mualadzi yatsekedwa mpaka nditakuuzaninso."

Mlamu wanga anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri. Ine sindinadule telefoni.

"A dona, ndege imeneyi ikapanda kutera kuno ipita kuti?"

"N'chifukwa chiyani mukufunsa?"

"Mkazi wanga ndi mmodzi mwa odikira madotolowo."

Kwa nthawi yonse imene tagwira ntchito limodzi ndinali ndisanawauzepo kuti ndili ndi mkazi. Anati ndidikire. Ndinaima m'matope momwemo mpaka telefoni inalira.

"Pilotu wasintha ulendo. Apita molunjika ku Furankungo, kumene amayenera kupita akachoka kwanuko. Kumeneko sikunagwe yambiri. Za madotolo, kuti alandira yani, si za ofesi yanga, sindingakulonjezeni."

Ndinadutsira pachipatala kukauza namwino. Anthu a ndodo aja atamva anayamba kung'ung'udza, ndipo nkhalamba ina inakuwa kuti mkamwini uja watsekanso china. Ndinalibe nthawi yoiyankha. Namwino anati ayesa kupempha galimoto ku posto, koma kwa ine mawu akuti ayesa sanali okwanira. Ndinamuuza andipatse pepala la mkazi wanga, anandipatsa.

Mlamu wanga ankanditsatira m'mbuyo, matope akuuma kumaso.

"Bweretsani mota yanu," ndinamuuza.

"Msewu wake ndi matopewa? Mukaigwetsa."

"Ndikaigwetsa ndikaidzutsa. Bweretsani."

"Ndiyendetse ndine. Ndi mlongo wanga."

"Ndi mkazi wanga. Inu mutsale pano muziletsa ngolo kudutsa pa pista. Pofewa chonchi akangodutsapo mmodzi, tidzakwirira mikwasa mpaka kukolola."

Anapita kukaitenga. Anabwera nayo atathira mafuta odzaza, ndi kabotolo kena kapadera atamangirira kumbuyo. Sindinamuthokoze, nayenso sanadikire kuti ndimuthokoze.

Mkazi wanga ndinamupeza atasamba kale, atavala, kathumba kali pamiyendo, ngakhale kuti panalibe amene anamuuza za ulendo. Ndinafuna kumufunsa kuti wamva kwa yani, koma dzuwa linali likukwera. Ndinamukweza pamota, ndinatenga kapulana wake wina n'kutimanga tonse awiri m'chiuno kuti asagwe pamabampu amene sangawaone, ndipo tinalowa mumsewu wa matope wopita ku Furankungo, miyendo yanga ili yotambalala uku ndi uku.